Mikwamba ya a Kakowa

Pali anthu ena amene Mulungu anawapatsa pakamwa kuti azingodyera basi. A Chitsa ndi mng'ono wawo a Kakowa anali otero. Mimba imodzi, bere limodzi, bwato limodzi lomwe bambo awo anawasiyira, nyumba zoyang'anizana makomo moti wina akayetsemula mnzake ndiye amapukuta kumaso, koma pamtunda sankalankhulana. Ngakhale moni weniweniyu. Akakumana pa kanjira kopita kumpopi, wina ankayang'ana kumwamba ngati akufunsa mvula, wina pansi ngati wataya batani.

Musafunse kuti analakwirana chiyani. Iwo sanalakwirane kanthu. Nkhondo inali ya akazi awo.

Mkazi wa a Chitsa ankatchedwa a Singano. Ndiwo ankasoka matanga a bwatolo, ndipo lilime lawo linkaboola kuposa chitsulo chomwe ankagwira m'manjacho. Mkazi wa a Kakowa anali a Wailesi, mayi woti ukamunong'oneza chinsinsi pampopi, pofika kwanu umakumana nacho chikuchokera kutsogolo, chitanenepa, chitavala ndi nsapato zomwe. Kalekale, ana awo akadali oyenda chimine chili pamphuno, a Singano anasunga chidutswa cha nsalu yotsala pa thanga kuti azidzadulako zigamba. A Wailesi anadzachibwereka, ati ayanikepo nyemba. M'mawa mwake nyemba kunalibe. Chinsalu chija chinali lende pakhomo pawo ngati katani, chopindidwa bwino m'mphepete, pamwamba atasokerapo timaluwa ta ulusi wofiira. Pakhomo loyang'anizana ndi la mwini nsalu, inu!

Anatukwanizana tsiku limenelo mpaka agalu anakagona kwa aneba. Amuna aja anatuluka kuti aleretse. A Kakowa anati, "Aa, zonsezi chifukwa cha kasanza?" A Chitsa magazi anakwera, n'kunena kuti, "Kasanza ndi amako!" kuiwala kuti amake a mnzawoyo ndi omwenso anawabereka iwo. Kuyambira pamenepo, zii.

Koma bwato silidziwa za makatani. Likangochoka pamchenga, pakamwa pa onse awiri pankatseguka ngati wina wazula chitsekero. A Chitsa, aafupi, khosi ngati mtondo, ankakhala kumbuyo pa chiwongolero. A Kakowa, aatali miyendo ndi manja omwe, ankakhala kutsogolo pafupi ndi mlongoti. Thanga lawo linali lija la makona atatu, lomangirira ku mtanda, mtengo wautali wopendekeka umene amaukweza pa mlongoti ndi chingwe. Thanga lotero likakhuta mphepo bwato limauluka, koma limafuna anthu awiri. Pokhota, wapachiwongolero amakuwa, ndiye wakutsogolo amamasula chingwe, n'kukumbatira tsinde la mtanda, n'kulizungulitsa pa mlongoti kwinaku nsalu ikumuwomba mbama, kenako n'kumanganso mbali inayo mphepo isanapse mtima. Akachedwa, nonse mwamwa madzi.

"Zungulitsa, iwe!"

"Ndazungulitsa kale, achimwene, inu mukadali kuyasamula."

Ankawolotsa mchere, makala, matabwa, nthawi zina mbuzi za anthu, ndipo njira yonse inkakhala nkhani zokhazokha. Za mano ogwedera, za ana osamva, za akazi awo omwewo, kuseka mpaka misozi. Bwato likangokhudza mchenga wa kwawo, khwee, pakamwa tseke. Nkhani ikadukira pakati, ankaipitiriza mawa lake pomwe inalekezera.

Malemu bambo awo anali munthu wodziwa ana ake. Anaoneratu kuti awiriwa adzakwatira moto. Ndiye powaphunzitsa kudula thanga sanawapatse tepi, ati tepi ndi ya atelala. Anawaphunzitsa mikwamba, kuja kotambasula manja onse awiri n'kuyeza nsalu kuchokera kunsonga ya chala ichi mpaka kunsonga ya chala icho. M'munsi mwa thanga, mikwamba ya wamkulu. Msinkhu wake, mbali ija yotsata mtanda, mikwamba ya wamng'ono. Manja aafupi pansi, manja aatali m'mwamba, ndipo thanga linkatuluka lokwana bwato lawolo ngati chipewa pamutu pa mwini wake. Wina yekha sakanatha kulidula. Nkhalamba ija inkadziwa chimene inkachita.

Chaka china thanga lakale linali litatopa, zigamba zitachuluka kuposa nsalu yeniyeni. Tsiku lina akubwerera, a Kakowa anali pakati pa nkhani ya mmene bambo awo anatayira dzino lakutsogolo, nkhani yomwe ankati anaiona okha ali mwana ndipo analumbiritsidwa kuti asadzanene. Atafika pamwala waukulu pomwe ankakhotera, a Chitsa anakuwa monga mwa masiku onse. A Kakowa anakumbatira mtanda, koma mtanda unawapulumuka. Mphepo inalowera kuseri, ndipo thanga linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, phwee, ngati pepala.

Anabwera kwawo chopalasa. Bwato linkangokhotera mbali imodzi.

"Ukupalasa ngati nkhanu bwanji?"

"Ndi mafunde, achimwene."

"Mafunde ati? Mtanda wakupulumuka, nkhafi ikukulemera. Wakalamba, kapena mtima wako uli kwina? Ngati watopa nalo bwato la abambo, unene!"

A Kakowa asanayankhe, khwee, mchenga.

Bwato analikokera kumtunda n'kulikhazika pamitengo pafupi ndi shedi yakale ya mchere. Ndipo poti bwato linali pamtunda, pakamwa panalinso pamtunda.

A Chitsa anali ndi mtima wa thovu, wokwera msanga n'kuphwa msanga. Usiku umodzi wokha mkwiyo unatha, kunatsala manyazi. Koma munthu wa khosi ngati mtondo sadziwa kupepesa ndi pakamwa, ndiye anapepesa ndi manja. Anakatenga nsalu yatsopano yoyera, yolimba ngati chikopa. Anapala thabwa lakutsogolo lomwe mng'ono wawo ankakhalapo mpaka linasalala. Anazula zikhomo zakale zomangapo zingwe n'kusema zatsopano za mtengo wouma, n'kuzikhoma pamwamba ndithu, poti a Kakowa azifikira osawerama. Kuti azikhome pamenepo anachita kukwera pa ndowa.

A Singano analumikiza zidutswa za nsalu ndi ulusi wopaka phula, ndipo anaziyala pa simenti ya m'shedi. A Chitsa anavula nsapato, anagwira m'munsi mwa nsalu, anatambasula timanja tawo, anayeza mbali yawo n'kulemba ndi khala. M'makona anaikamo miyala. Kenako anakhala pa chigubu pafupi ndi khomo, khala lili m'manja, kudikira.

Uthenga unapita monga unkapitira nthawi zonse. A Singano anaima pakhonde pawo n'kuyamba kulankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku iwe, ukawauze eni makatani kuti nsalu ili pansi. Ngati manja awo sali otanganidwa ndi kubwereka za eni, abwere adzayeze."

A Wailesi anatuluka ndi beseni n'kuyankhira kwa galu.

"Galu iwe, ukaiuze nkhukuyo kuti kuno anthu ali ndi zochita. Nsalu si mkaka, siisasa."

Tsiku linapita. Linanso linapita. Nsalu inayamba kutola fumbi, mphaka anapondapo, a Singano anamuthamangitsa ndi tsache ndi mawu osayenera kubwereza. A Chitsa ankabwera m'shedi m'mawa uliwonse, ankasesa m'mbali mwa nsalu, ankasuntha miyala ija pang'ono n'kuibwezeranso pomwe inali. Akamva mapazi panja ankadzuka msanga n'kumayerekeza kuti akuyang'ana denga. Inkakhala ili mbuzi chabe ikudutsa.

Ndiye m'mawa wina ali pakhomo la shedi anamva injini. A Kakowa anali ndi mkamwini, mwamuna wa mwana wawo woyamba, amene anali ndi bwato la injini lopaka utoto wa buluu, lonunkha petulo, lija losafunsa mphepo kuti ikupita kuti. Linkadutsa chapafupi. Pakati pake, pa thabwa loyala kansalu, panali a Kakowa. Atavala jekete, dzanja lamanja lili m'thumba ngati bwana woyendera ntchito. Sanacheuke.

A Singano anafika akupuma befu, nkhope ikuwala ngati apatsidwa mphatso.

"Mwaona? Mwaona ndi maso anu, bambo? Ine ndikamanena mumati ndine wapakamwa. Munthu wapeza bwato loyenda lokha! Inu muzingokhalira kupala matabwa, kukwera pandowa ngati tambala, mnzanu manja ali m'thumba. Magazi amodzi, magazi amodzi chiyani? Nsabwe nazo zili ndi magazi anu, koma si abale anu."

A Chitsa analowa m'shedi, anagwira mbali ija ya msinkhu, anatambasula manja awo n'kuyesa kukumbukira pomwe chala cha mng'ono wawo chinkafika. Anawonjezera chikhatho, anawonjezeranso china. Anaima. Zaka zonsezi ankauona mkwamba uja, koma sankaudziwa. Sanaganizepo kuti udzafunika kuusunga. Anakhala pansi pa simenti pomwepo, munthu wamkulu wa imvi, khala n'kuphwanyikira m'dzanja.

"Itanani munthu aliyense wamtali," anatero a Singano ali pakhomo. "Atha anthu aatali padziko? Wogulitsa palafini uja amagunda mutu pachitseko."

"Si mkwamba wake."

"Nanga mphepo imadziwa mkwamba wa munthu?"

"Ndati si mkwamba wake, mayi."

Mayi uja akaona mwamuna wake atakhala pansi chonchija, chifundo chake chinkatulukira m'zikhadabo. Mawa lake dzuwa lili paliwombo, anamanga nsalu m'chiuno n'kudutsa bwalo la pakati pa nyumba ziwirizo lomwe sanalidutse kuyambira ana ali aang'ono. A Chitsa ankaonerera ali pakhonde.

"Poti ubale watha, ndadzatenga nsalu yanga!"

Anagwira katani ija, yomwe tsopano inali yofiirira ndi utsi, timaluwa titasuluka, n'kuikoka kamodzi. Misomali inathothoka. Khomo linatsala pululu, ndipo zam'kati zonse zinaonekera.

A Kakowa anali pampando. A Wailesi anali atagwada patsogolo pawo, akuwamanga mabatani a shati.

"Taonani ufumu!" anakuwa a Singano. "Injini ija yafika mpaka m'nyumba? Kumangidwa mabatani ngati mwana wopita kusukulu! Mawa muziwatafunira ndi chakudya chomwe!"

Aneba anali atatuluka kale, ena ndi mipando yawo, poti ankadziwa kuti a Wailesi akatsegula sipafunika batire. Koma a Wailesi sanatsegule. Anamaliza batani lomaliza, anawongola kolala, anadzuka n'kuyang'ana a Singano m'maso. Milomo inkanjenjemera, koma mawu ayi. A Chitsa pakhonde paja anaimirira. Chikhalire sanamvepo mayi ameneyu ali chete.

A Kakowa anadzuka, n'kuuza mkazi wawo motsitsa, "Tiyeni kushedi."

Anapita onse anayi, aneba akutsatira chapatali. M'shedi munkanunkha mchere wakale ndi phula. A Kakowa anavula nsapato mopondetsana zidendene, anaponda pansalu, anawerama n'kutola ngodya ndi dzanja lamanzere. A Chitsa anatola khala lina n'kuima pambali.

Dzanja lamanzere linatambasuka mpaka kunsonga, lalitali monga kale. Lamanja linatuluka m'thumba. Linanyamuka pang'ono, chigongono chili chopindika, zala zitakhota ngati phazi la nkhuku yakufa, n'kuima pafupi ndi nthiti. A Kakowa analuma mano, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Dzanja silinapitirire. Anapanikiza nsalu pomwepo ndi chikhatho, n'kunena, "Umodzi."

Anasuntha, anatambasulanso chimodzimodzi. "Iwiri."

"Aa, umenewo ndi mkwamba kapena..." anayamba a Singano.

"Mayi, khalani chete."

A Chitsa sanakweze mawu. Koma a Singano anatseka pakamwa, n'kuyang'anitsitsa dzanja lija, ndipo katani ija yomwe anali ataikolekabe paphewa inatsetsereka n'kugwa pansi osaitola.

A Kakowa anawerenga mikwamba yonse monga bambo awo anawaphunzitsira, osachotsa, osawonjezera. Pomwe analekezera panali patali ndi mapeto a nsalu. Kutsogolo kwawo kunatsala chinsalu choyera chachikulu chopanda ntchito. Analoza ndi chala cha kuphazi pomwe panafunika khala. A Chitsa anangoima.

Awiriwa anayang'anizana. Pakamwa pa a Chitsa panatseguka, panatsekeka. Pansi panali simenti, ndipo simenti ndi mtunda. Ndiye anatembenuka n'kutuluka, n'kupita pomwe bwato linali pamitengo paja. A Kakowa anatsatira. M'mbali mwa bwato munali mokwera, ndipo ndi dzanja limodzi sakanatha kudzikoka. A Chitsa anagwada, anagwira pansi ndi manja, n'kupereka msana. Mng'ono wawo anapondapo n'kulowa.

Wamkulu anakhala pa thabwa lake kumbuyo, wamng'ono pa lake kutsogolo. Pansi pa bwato nkhuku zinkapalasa fumbi.

"Linayamba liti?"

"Zala zinayamba kale. Tsiku lija ndi pomwe phewa linakana."

"Osanena bwanji?"

"Ndikananenera kuti? Munandikalipira mpaka pamchenga, kenako bwato munalikweza pamitengo."

"Nyumba yanga ili apo."

"Yanganso ili apo, achimwene."

Kenako a Chitsa anafunsa, "Nanga m'bwato la mkamwini wako muja?"

"Chipatala chili kutsidya. Mumafuna ndisambire?"

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi mitsempha. Likatha ili lipita ili, kenako miyendo. Mankhwala ake akuti ndi kupirira." A Kakowa anaseka pang'ono. "Amayi akunyumba ndinawapempha kuti asauze munthu. Mukudziwa inu mmene zawavutira. Aonda kuposa ine."

"Tikayezanso," anatero a Chitsa mofulumira. "Ugone pansi pansalupo, ine ndikutambasula dzanjalo ndekha. Mkwamba ukadali momwemo. Tidula thanga la abambo lenileni. Iwe uzingokhala apo, uzindiuza zochita."

"Ndikhale apa ngati thumba la mchere? Mtanda wautali chonchija azungulitsa ndani? Inu mukasiya chiwongolero kuti mubwere kuno ndi timiyendo tanuto, pofika pakati bwato lagadabuka."

"Ndipeza munthu."

"Munthu wake uti angapirire pakamwa panu? Ine ndinkapirira poti ndinalibe kothawira." Anagogoda mlongoti ndi dzanja lamanzere. "Mukadule pomwe ndalekezera. Ndayeza ndi manja amene ndili nawo, abambo sanatiphunzitse kuyeza ndi manja a chaka chatha. Ndipo tamverani, poti inu mutu wanu umagwira mochedwa. Mtanda muufupikitse ufanane ndi thangalo. Ukafupika, tsinde lake lizidutsa lokha pa mlongoti, losafuna kukumbatiridwa. Kutsindeko mumange zingwe ziwiri, china cha kumanja, china cha kumanzere. Mukhome mphete zachitsulo, ina apa, ina apo, zingwezo zidutsemo, ziyende m'mbali mwa bwato mpaka pabondo panu. Mukafuna kukhota, mumasule ichi, mukoke icho."

"Iwe..."

"Sindinathe. Chingwe chokwezera chisathere pa mlongoti ngati kale. Chitsike, chidutse pansi pa thabwa langali, chikakupezeni komweko. Mphepo ikachita misala muzitsitsa thanga muli chikhalire. Zikhomo zonsezi muzule, mukakhome uko."

"Zikhomozo ndi zatsopano. Ndakhomera iwe, pamsinkhu wako."

"Ndaziona." A Kakowa anasisita chimodzi ndi chala. "Mwakhoma mokhota."

A Chitsa anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anapukuta mphuno ndi mkono wa shati. "Nanga thabwa lakolo?"

"Mulisiye, limagwira nthiti za bwato. Muziikapo katundu. Kutsogolo kukapepuka bwato limadzutsa mphuno."

Anakhala momwemo mpaka mthunzi wa shedi unawapeza, akukangana za kukula kwa mphete ndi mfundo yoyenera pa tsinde la mtanda, mfundo yoti munthu amasule ndi dzanja limodzi lina lili pa chiwongolero. Pa mfundoyo a Kakowa ndiwo anali katswiri tsopano. A Chitsa anakumbukira za dzino la abambo lija, koma anati adzafunsa tsiku lina.

Analemba ndi khala pomwe chala cha kuphazi chinaloza. A Singano anadula okha, ndipo kwa nthawi yoyamba sizasi yawo inalira popanda mwini wake kuyankhira. Anapinda m'mphepete, anasokerera chingwe kuzungulira thanga lonse kuti lisatanuke, analimbitsa makona ndi zigamba zosanjikiza. A Chitsa anacheka mtanda wa bambo awo ndi sowo. Chidutswa chinagwa pansi, sanachiyang'ane. Anazula zikhomo zija chimodzichimodzi. M'matabwa akutsogolo munatsala timabowo, ndipo anatitseka ndi phula.

Chinsalu chotsala chija a Singano anakhala nacho masiku angapo. Kenako anachipinda pawiri, anasokerera zogwirira za chingwe m'makona onse anayi ndi msoko womwe uja wa thanga, n'kudutsa nacho bwalo.

"Iyi si katani, mayi inu, musayerekeze kuikapo timaluwa tanu tonga mphere tija. Muziyala pansi pa alamu. Powatembenuza muzigwira umu, msana wanuwo ndi wa kale."

"Ndiye ndigwire makona anayi ndekha? Ndine kangaude?"

"Ndani wati nokha? Muzigogoda. Kukuwa mumatha."

Katani yakale ija a Singano anaichapa n'kukaikhomanso okha, akudandaula kuti zaka zonsezi inali yopendekeka ndipo inkawapweteka maso.

Matenda aja sanachedwe monga ankayembekezera. Pomwe a Chitsa ankamaliza kukhoma mphete, dzanja lamanzere linali litatsatira linzake. Pomwe ankayesa zingwe, miyendo. A Chitsa tsopano ankadutsa bwalo tsiku ndi tsiku, ankakankha katani ndi mutu, ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kumalankhula, pamtunda penipeni, mawu onse aja anawaumira zaka zambirimbiri. Koma lilime la a Kakowa linali litayamba kulemera. Mawu ankatuluka ngati a munthu wolankhulira m'madzi. A Wailesi okha ndiwo ankamvako, n'kumamasulira, ndipo a Singano ankati akuwonjezera zawo.

"Akuti mfundo yanu ndi ya chingwe cha mbuzi."

"Bodza! Munthu wangoti mm, inu mwapezamo mbuzi?"

"Amuna anga ndi anga kapena ndi anu?"

A Kakowa ankatsinzina diso limodzi, ndipo a Chitsa ankadziwa kuti za mbuzizo n'zoona.

M'mawa wotsitsa bwato, anawanyamula pa chinsalu chija. Kumutu kunagwira a Chitsa ndi mkamwini, kumiyendo azimayi awiri aja, akukangana njira yonse kuti wina akungogwira mwaulemu. Anawakhazika pamchenga atawatsamiritsa ku chigubu. A Chitsa anawerama n'kunena, "Tikukweze. Mpaka pamwala pokha, n'kubwerera."

A Kakowa anayang'ana thabwa lawo lija. Panali thumba la mchere, lomangidwa bwino. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, kenako analoza kumadzi ndi chibwano.

Mkamwini anakankha bwato. A Chitsa anakhala pa chiwongolero, anakoka chingwe chomwe chinali pafupi ndi bondo lawo, ndipo thanga linakwera lokha kutsogolo kopanda munthu. Linali loyera, lalifupi, ngati shati ya mwana pa munthu wamkulu. Linakhuta mphepo. Bwato linayenda, osati mouluka ngati kale, koma linayenda. Kumbuyo mawu a azimayi aja ankamvekabe, wina akuti chipewa chiphimbe maso a wodwala, wina akuti nanga aona bwanji, mpaka anazimiririka.

Mwala uja unayandikira. A Chitsa anakankha chiwongolero.

"Zungulitsa, iwe!"

Anangomva madzi akunyambita matabwa.

Anakhala kanthawi, thanga likupupuma. Kenako anamasula chingwe cha kumanja n'kukoka cha kumanzere. Mumtima ankapempha kuti chikodwe. Chikodwe pamphete, mfundo ikane, mtanda ugunde mlongoti, chilichonse choti abwerere nacho kumtunda n'kukaima pamaso pa mng'ono wawo n'kunena kuti waona nzeru zako, bwato ili ndi la anthu awiri.

Chingwe chinayenda myaa. Mtanda unadutsa pa mlongoti osakhudza kanthu. Thanga linadzaza mbali inayo, bwato linapendekeka pang'ono n'kulunjika njira yake. Panalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Munthu uja anali atayeza bwino.

A Chitsa anamanga chingwe pa chikhomo ndi dzanja limodzi, mfundo ija anaphunzitsidwa. Anayang'ana kumtunda. Anthu anali atasanduka timadontho, ndipo sakanatha kudziwa kuti kadontho kokhala pansi ndi kati. Anatembenukira kutsogolo, ku thumba la mchere lija.

"Nanga dzino la abambo lija," anatero, "linatha bwanji?"